Kugona m'tenti ndi kuwedza pamunda wa mnzathu ku Nkhotakota: tikonzekere bwanji?

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Mnzathu wina ali ndi munda m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndipo watilola kukagonako masiku atatu mu Ogasiti ana akatsekera. Tilipo anthu 6: akulu atatu ndi ana a zaka 4, 9 ndi 13. Pamundapo pali chinangwa, dimba la mpunga ndi kanyumba ka mlonda, koma magetsi ndi mpopi palibe. Matenti tili nawo awiri. Odziwa za kunyanja tithandizeni. Tenti timange pati, madzi akumwa titani nawo, nanga ana akufuna kuwedza, tigule chiyani?

A Phiri a ku Dwangwa: Achimwene, yambani ndi mphepo. Ogasiti ndi nthawi ya mwera, womwe umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Sepitembala kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo ukayamba umatha masiku awiri kapena atatu osapuma. Khomo la tenti liyang'ane kumtunda chakumpoto. Mukalilozetsa kunyanja kuti muziona madzi, mphepo ilowa, itukumutsa tenti ngati thumba, timitengo take n'kuthyoka. Musamangenso pamchenga wa m'mphepete penipeni. Yendani m'gombemo muone mzere womwe mafunde amasiyapo bango louma, zigoba za nkhono ndi zinyalala. Kuchokera pamzere umenewo werengani mapazi 30 kukwera kumtunda, pamenepo ndiye muyambe kufuna malo. Nyanja siikhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. Mu 2024 idakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwake, choncho mufunse mlondayo pomwe madzi adafika.

Che Mdala: Ndiwonjezere pa zikhomo. Tizikhomo tachitsulo tobwera ndi tenti timagwira panthaka youma yokha, pamchenga timazuka ndi mphepo yoyamba. Dulani timitengo totalika masentimita 40, mangani chingwe pakati pa kamtengo, kumbani dzenje lakuya masentimita 30 mpaka 40, gonekani kamtengoko chopingasa, kwirirani n'kupondaponda. Njira ina ndi matumba a feteleza opanda kanthu: thirani mchenga theka, mangani kukamwa, kwirirani. Ngodya zinayi ndi zingwe ziwiri za mbali yochokera mphepo ndizo zofunika kwambiri. Pansi pa tenti yalani lona, koma m'mbali mwake mupindire mkati kuti isatulukire kunja, apo ayi mame ndi mchenga zimasonkhana pamenepo.

NaBanda: Abambo akamba za mphepo, ine nkhawa yanga ndi dimba la mpunga mwatchulalo. Pomwe pali mpunga kapena msipu wobiriwira pafupi ndi nyanja, mvuu zimatuluka usiku kukadya. Musanatsitse katundu m'galimoto, yendani ndi mlonda masana mufune njira yake. Imazindikirika: ndi kanjira kotakasuka kochokera m'madzi, kokhala ndi mizere iwiri yopondedwa ndi udzu pang'ono pakati, ndipo patchire la m'mbali pamakhala ndowe zomwazika. Tenti isakhale pakati pa dimba ndi madzi. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira kumadzi mosapatuka, ndipo chilichonse chili panjirapo imachiponda. Usiku wina akafuna kutaya madzi atenge tochi, aunike kaye mbali zonse, ndipo mwana asatuluke yekha.

Bambo a Tadala: Zikomo amayi. Nanga ng'ona? Mnzathuyo akuti pamalopo anthu amasamba.

A Phiri a ku Dwangwa: Amasamba pomwe akudziwa. Ng'ona zimakonda pamathiriro a mitsinje, m'mabango ndi m'madzi odikha a matope. Kumpoto kwa boma kuli mitsinje ya Kaombe, Bua ndi Dwangwa, kum'mwera kuli Chia. Ngati munda uli pafupi ndi pothira mtsinje uliwonse, nkhani yosambira m'nyanja muiwale, tungani madzi mukasambire kumtunda. Ngati ndi gombe loyera la mchenga lomwe mafunde amamenya, sambirani padoko lomwe a m'mudzi amasambira, dzuwa litakwera, osati m'bandakucha kapena chisisira. China chomwe alendo amalakwitsa: amatumbulira nsomba m'mphepete mwa madzi n'kutaya matumbo momwemo, tsiku lililonse malo amodzi, nthawi imodzi. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Tumbulirani kumtunda, matumbo mukwirire.

Mayi a Chisomo: Ndikambeko za madzi ndi matenda, pajatu pali mwana wa zaka 4. Werengani malita 15 mpaka 20 pamunthu patsiku pophatikiza kumwa, kuphika ndi kusamba. Akumwa okha ndi pafupifupi malita atatu pa wamkulu. Tengani zigubu zitatu za malita 20, ziwiri zodzaza kuchokera kunyumba, ndipo mufunse komwe kuli mjigo wapafupi. Madzi a pamjigo kapena a m'nyanja muthire WaterGuard, kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Akakhala a mtundu, asefeni kaye pansalu yoyera ndipo muthire tizivindikiro tiwiri, kapena muwawiritse mpaka abwadamuke. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, musatengere kuti madzi akuoneka oyera. Chigubu cha akumwa chikhale ndi chizindikiro, ndipo musamaviikemo kapu, muzichita kutsanula. Tenganinso mapaketi a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi. Akatha, lita imodzi ya madzi otetezedwa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Mayi a Chisomo: Chimbudzi ngati pamundapo palibe, kumbani chanu tsiku lofika: dzenje lakuya theka la mita, mamita osachepera 30 kuchokera kunyanja kapena pachitsime, kumbali yomwe mphepo ikupita. Tchingani ndi lona kapena mphasa. Pambali pakhale mulu wa dothi ndi phulusa zothira aliyense akatha, ndi kachigubu koboola kosambira m'manja ndi sopo.

Achimwene Yoba: Za likodzo njosavuta. Gulani praziquantel mumwe tsiku lobwerera, nkhani yatha.

Mayi a Chisomo: Ayi achimwene, pamenepo ndiye ambiri amataya mankhwala pachabe. Praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima. Tizilombo tikangolowa pakhungu timatenga masabata 6 mpaka 8 kuti tikhwime, ndiye mukamwa tsiku lobwerera sapha kanthu. Dikirani miyezi iwiri, pitani kuchipatala, akuyezeni ndi kukupimani pasikelo, chifukwa mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 600, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 60 amamwa anayi, atadya kaye. Wa zaka 4 uja musamupatse mwa inu nokha. Kupewa kwake n'kudziwa komwe kumakhala nkhono zofalitsa matendawa: madzi osaya, odikha, a udzu ndi bango, makamaka pafupi ndi pomwe anthu ambiri amachapira. Madzi osamba mukawatunga n'kuwasunga masiku awiri, kapena kuwatenthetsa mpaka atenthe ndithu kenako n'kuwaziziritsa, tizilomboto timafa. Chizindikiro chodziwika ndi magazi kumapeto kwa mkodzo, koma ena saona chilichonse kwa nthawi yaitali.

Achimwene Yoba: Ndamva amayi, zikomo pondikonza.

NaBanda: Malungonso musawaderere poti ndi nyengo yozizira. Kunyanja udzudzu sutha. Sefa ya tenti muiyang'ane pa dzuwa musananyamuke, pobooka musoke. Ngakhale zili choncho, mangani neti yonyikidwa m'mankhwala mkati mwa tenti ya ana, zipi atseke 5 koloko isanakwane, ndipo madzulo avale zamikono ndi masokosi. Malungo saonekera pomwepo, amatenga sabata kapena awiri. Mwana akatentha thupi mutabwerera kale kutauni, mukauze adokotala kuti munali kunyanja, amuyeze magazi tsiku lomwelo. Paboma pali chipatala chachikulu cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's, dziwiranitu njira yochokera kumundako.

Bambo a Tadala: Zonsezi ndikulemba. Tsopano za mbedza, anyamata akundipanikiza kuno. Akufuna chambo.

Che Mdala: Auzeni mosabisa kuti chambo cha m'nyanja sichigwidwa kawirikawiri ndi mbedza kuchokera pagombe. Chimadya tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi ndi ndere, nyongolotsi sichiilabadira kwenikweni, n'chifukwa chake asodzi amachipha ndi maukonde. Chambo mukagule padoko m'mawa. Zomwe ana angakole ndi tinsomba ta m'miyala ndi pamchenga, milamba m'malo a matope, ndi mcheni ngati pali pakuya pafupi. Zogula ndi izi. Twaini wa 0.25 mm mpukutu umodzi wa ana, wa 0.40 kapena 0.50 mm wa nsomba zazikulu. Mbedza kumbukirani kuti nambala ikamakula mbedza imachepa: nambala 10 ndi 12 za tinsomba tating'ono, 4 ndi 6 za mcheni ndi milamba yapakati, 2/0 mpaka 4/0 za kampango. Tengani zambiri, 20 za mtundu uliwonse waung'ono, chifukwa miyala imadya mbedza. Mtovu womizira mbedza wa magalamu 10 mpaka 30, ndipo ukasowa nati yakale ya njinga imagwira ntchito yomweyo. Choyandamitsa dulani kachidutswa ka silipasi yakutha. Kwa mwana wa zaka 9, nsungwi yowongoka ya mamita awiri ndi theka ndi twaini wotalika chimodzimodzi zakwana, makina opota aja amangosokoneza chingwe kwa wophunzira.

A Phiri a ku Dwangwa: Pakamangidwe, Che Mdala asiyako pang'ono. Pisani twaini pa diso la mbedza, zungulizani nsonga yake ka 6 pa twaini wamkulu, bwezerani nsongayo pa kampata ka pafupi ndi diso, kenako muipisenso m'chizinga chomwe chapangika. Musanakoke nyowetsani mfundoyo ndi malovu. Mukakoka youma, twaini amatenthedwa ndi kukhulana, amafooka, ndipo amadukira pamfundo pomwepo nsomba yabwino ikagwira. Mtovu ukhale masentimita 25 mpaka 30 pamwamba pa mbedza kuti nyambo izivina yokha. Pamiyala chitani mosemphanitsa: mtovu pansi penipeni womangidwa ndi twaini wochepa mphamvu, mbedza pamwamba pake. Ikakodwa mumataya mtovu wokha.

Achimwene Yoba: Nyambo ya kampango ndi mcheni ndi usipa wauwisi. Pisani mbedza m'diso kapena pakamwa n'kuitulutsira pamsana kuti usagwe poponya. Koma onani mwezi kumwamba. Asodzi a kauni amakopa usipa ndi nyali usiku wamdima, mwezi ukawala kwambiri usipa umasowa padoko ndipo mtengo umakwera. Mwera ukalimbanso mabwato salowa. Nyongolotsi kumbani m'dimba muja m'mawa, musunge m'chitini choboola ndi dothi lonyowa, pamthunzi. Milamba imakondanso matumbo a nkhuku. Nthawi yabwino ndi kuyambira kukacha mpaka 8 koloko, nyanja isanayambe kuwinduka, ndi madzulo. Kampango amadya usiku ndipo amakhala kwakuya, ndiye wa pagombe amamupeza mwa apo ndi apo.

NaBanda: Madzulo mukutchulawo ndi nthawi ya ng'onanso. Ana awedze m'mawa dzuwa litatuluka, ataima pouma, wamkulu ali pambali.

Che Mdala: Zoona amayi. Ndipo za bwato ndinene mosapsatira: mu Ogasiti ana asakwere bwato la chikuni. Limafuna munthu wozolowera kukhalapo, ndipo mwera umatha kudzuka nyanja ili bata, pasanathe ola mafunde afika msinkhu wa munthu. Ngati akulu mufuna kukawedza kwakuya, panganani ndi msodzi wa pamalopo wa boti lamatabwa, mupite m'mamawa, mubwerere 9 koloko isanakwane, aliyense atavala life jacket yomanga bwino, osati yongoikhalira. Msodzi akati lero ayi, musamunyengerere ndi ndalama. Chubu cha galimoto ndi timatilesi topopa tija n'zoopsa kuposa bwato, mphepo imazikankha msanga kuposa momwe munthu angasambirire.

Mayi a Chisomo: Kamwana ka zaka 4 kakhale ndi munthu mmodzi wotchulidwa dzina woti akuyang'anira, muzisinthana mochita kuuzana pakamwa. Akulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake akuona. Mwana womira sakuwa.

A Phiri a ku Dwangwa: Pochotsa nsomba pambedza samalani minga. Kampango ali ndi minga yolimba pazipsepse za m'mbali ndi pamsana, nkholokolo ndiye woposa, minga yake imaima chilili ndipo bala lake limapweteka tsiku lonse. Gwirani ndi chiguduli kuseri kwa zipsepsezo, mbedza muchotse ndi pulayala. Mcheni ali ndi mano, chala chisalowe m'kamwa. Mbedza ikalowa m'chala mpaka kandevu kake kabisika, musaikokere m'mbuyo, ing'amba mnofu. Ngati ili posaya, ikankhireni kutsogolo nsonga itulukire, dulani kandevuko ndi pulayala, kenako muibweze, tsukani ndi sopo ndi madzi otetezedwa. Ikakhala pafupi ndi diso, pamfundo ya chala kapena yalowa kwambiri, dulani twaini yekha, phimbani, thamangirani kuchipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata.

Gogo Nasimango: Ana anga, mwakamba za zilombo ndi zingwe, koma simunakambe za anthu. Munda ndi wa mnzanu, gombe ndi la mudzi. Mukafika, mlondayo akuperekezeni kwa amfumu mukapereke moni ndi kunena kuti mugona masiku angati. Kapaketi ka shuga kapena mchere sikalemera. Padoko pali komiti ya asodzi, ija amati BVC, iwonso adziwe kuti pali alendo owedza, akuuzani pomwe atchera matchera awo kuti musakole mbedza zanu m'maukonde a eni. Funsani doko la amayi ndi la abambo, musakasambe posayenera, ndipo amayi pochoka m'madzi amange chitenje. Kankhalango kowirira komwe mungakaone pakati pa minda, nthawi zambiri ndi manda. Nkhuni za mmenemo sizitoledwa, ngakhale zouma bwanji.

Che Mdala: Agogo anena zoona. Pa malamulo a boma: kuphera nsomba neti ya udzudzu n'koletsedwa, ana asatengere zomwe angaone. Chambo chochepera masentimita 15 ndi mpasa wochepera masentimita 30 sizololedwa, musagule n'komwe, chifukwa wogula ndiye amalimbikitsa wopha. Nthawi yotseka nyanja kwa a makoka imayamba mu Novembala pomwe chambo chimaswana, ndiye ulendo wanu siikuukhudza. Mtsinje wa Bua mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks likuyang'anira kuyambira 2015, ndi komwe mpasa umakwera kukaswana, simungangolowamo ndi mbedza popanda chilolezo chawo. Podutsa paboma imani ku ofesi ya za usodzi, muwauze mtundu wa kuwedza komwe mukufuna, akuuzani za chiphaso.

Bambo a Tadala: Nanga zomwe tagwira kapena kugula tisunge bwanji? Tili ndi cooler box imodzi.

NaBanda: Imodzi siikwana kusungira zakumwa ndi nsomba pamodzi, chifukwa ana amaitsegula kambirimbiri. Uwumitseni madzi m'mabotolo a malita awiri, 5 kapena 6, masiku awiri musananyamuke. Ayezi wa m'botolo amakhalitsa kuposa wophwanyaphwanya, ndipo akasungunuka mumamwa. Bokosilo likhale pamthunzi, lofunditsidwa chiguduli chonyowa. Nsomba ikangophedwa palani mamba, tumbulani, chotsani zofiira zopumira za m'mutu zija ndi magazi a m'mbali mwa msana, chifukwa kuwola kumayambira pamenepo. Ayezi ndi nsomba zilingane kulemera. Pofika tsiku lachitatu ayezi adzakhala atatha, ndiye zotengera kunyumba muwambe. Kampango kapena mlamba ng'ambani chakumsana mutambasule, nyikani mphindi 30 m'madzi a mchere, kapu imodzi pa malita anayi, yanikani pamthunzi adonthe, ikani pa waya masentimita 50 mpaka 60 pamwamba pa moto wa nkhuni zolimba wofuka utsi, wopanda malawi, maola atatu kapena anayi mukutembenuza. Moto ukakula kunja kumapserera mkati muli muwisi, mawa lake mupeza mphutsi. Pogula padoko yang'anani maso owala, zopumira zofiira, ndipo mnofu ukadinidwa ndi chala ubwerere.

Mayi a Chisomo: Ndipo musadalire nyanja pa ndiwo. Mwera ukawomba masiku onse atatu mudya nsima ndi chiyani? Ufa makilogalamu 10 ukwana ndi kutsalako wopatsa mlonda, nyemba makilogalamu awiri, mazira thireyi imodzi, soya pieces, tomato wosapsetsa, anyezi, mafuta lita imodzi, mbatata za m'mawa. Zonse m'ndowa zotseka, chifukwa apusi ndi agalu a m'mudzi amang'amba majumbo. Chakudya chisalowe m'tenti.

Achimwene Yoba: Chifukwa china chosalowetsera chakudya ndi linthumbu. Likapeza fungo la mafuta kapena nsomba limabwera usiku mzere wonse. Zungulizani phulusa kuzungulira tenti, ndipo mukaona mzere wake masana samukani, musalimbane nalo. Nsapato muzigugudza m'mawa musanavale chifukwa cha zinkhanira. Ana muwaonetse chitedze kuti achidziwe, nyengo imeneyo chauma ndipo mphepo imaulutsa ubweya wake. Nyali ya sola muipachike mamita angapo kutali ndi khomo, chifukwa nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala ndipo zimadzaza m'mbale.

A Phiri a ku Dwangwa: Moto mu Ogasiti ndi nkhani yaikulu, udzu wauma, mphepo ilipo, ndipo minda ndi ya eni. Lambulani mamita atatu mbali zonse, kumbani kadzenje, tchingani ndi miyala kumbali ya mphepo, ndowa ya madzi ikhale pafupi, ndipo motowo ukhale kumbali yomwe mphepo ikupita kuti zothetheka zisagwere patenti. Pozimitsa thirani madzi. Mukakwirira ndi mchenga makala amakhala amoto mpaka m'mawa, osaoneka, mwana n'kupondapo. Usiku kumazizira ndithu, tengani mabulangeti awiri pamunthu, koma mbaula isalowe m'tenti ngakhale makala ataoneka ngati atha. Utsi wake wosanunkha uja umapha anthu ali m'tulo.

Che Mdala: Galimoto muisiye polimba, pafupi ndi kanyumba ka mlonda, katundu munyamule pamanja. Ikatitimira pamchenga musapitirize kuponda mafuta, imangodzikumbira. Fukulani kutsogolo kwa matayala, yalani mphasa kapena nthambi, phwetsani mpweya pang'ono kufika cha pa 1.5 bar pa geji ya mpweya, tulukani pang'onopang'ono ndi giya yachiwiri, koma mukhale ndi pampu yobwezera mpweya musanafike patala. Musaiimike, ngakhale kumanga tenti, pansi pa mvunguti, zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo. Msewu wa M5 kuchokera ku Salima uli ndi milatho ina yodutsa galimoto imodzi, anthu, njinga ndi mbuzi zambiri, nyamukani m'mawa kuti mufike 2 koloko isanakwane, mupeze nthawi yoyendera malo kukadawala. Mafuta thirani ku Salima kapena paboma.

Gogo Nasimango: Zovala za ana musayanike pamchenga kapena paudzu. Pali ntchentche imaikira mazira pansalu yonyowa, mphutsi yake n'kulowa pakhungu ngati chithupsa. Mangani chingwe padzuwa, ndipo pofika kunyumba musite zonse, ndi zamkati zomwe.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri nonse. Ndamuimbira mlonda, akuti mtsinje uli patali ndithu koma mvuu zimabwera kudimba, ndiye timanga kumtunda kuseri kwa chinangwa.

A Phiri a ku Dwangwa: Pamenepo mpabwino, chinangwacho chikutchingiraninso mphepo. Tsiku lonyamuka muyende ndi ana pomwe amawedzera, mutole tizidutswa tonse ta twaini ndi mbedza zogwa. Nkhuku ndi abakha a mlonda amameza mbedza yokhala ndi kanyambo, ndipo twaini amakola miyendo ya mbalame. Dzenje la chimbudzi mukwirire n'kuikapo mwala. Tenti muipasule mame atauma, cha m'ma 9 koloko, muikutumule mchenga, zipi mupukute ndi burashi yakale ya mano. Ikapindidwa yonyowa, pofika mlungu wamawa idzakhala itachita nkhungu.